Matabwa a M'malere a Nong Takyo

A Eustaquio Panes, amene m'dera lonse la Jaro amangowatchula kuti Nong Takyo, anatha zaka makumi awiri akumanga nsanja za nsungwi zoimapo amisiri a nyumba zosanja. Bondo litayamba kukana makwerero, akazi awo a Luningning anawakhazika m'kashopu kawo ka makompyuta kuti aziyang'anira makasitomala.

M'menemo ndi momwe anadziwira gemu ina yomwe wosewera amadzimangira njira yake, ena n'kumayesa kuidutsa. Anaonerera mwezi wathunthu, kenako anagamula kuti anthuwo ankamanga mwaphuma. Ankasanjikiza matabwa oyandama m'malere lina pamwamba penipeni pa linzake, moti kamunthu ka m'gemuko kakadumpha kankangogunda mutu n'kugwa. A Takyo anatenga kompyuta ya pakona. Matabwa awo ankawasemphanitsa, ili kumanja ili kumanzere, ndipo asanaike lililonse ankayamba aona pomwe phazi lidzatere. Pakadutsa matabwa asanu ankaikapo lotakata lopumirapo. Inatuluka nsanja ya matabwa makumi anayi.

Amene anaitsutsa poyera anali Wenceslao, dalaivala wa jipini, galimoto yonyamula anthu ngati minibasi, yemwe ankadzitama kuti palibe njira yomukanika. Masiku atatu otsatizana anagwera pa thabwa la 23. Tsiku lachinayi anauza shopu yonse kuti mkuluyu maso atha, mpata umenewo ngakhale nyani sangaulumphe.

"Nong, ingosunthani thabwalo. Sitikusekani."

"Thabwa lili pamalo pake, Wency. Iweyo ndiye umadumpha ngati ukulimbirana pasenjala."

A Takyo anatsiriza kaye mbale yawo ya msuzi wa batchoy, n'kupukuta m'manja, n'kukhala pampando. Atafika pa thabwa la 22 anachotsa manja pamabatani. Anthu anayang'anizana. Kenako onse anaona zomwe Wenceslao sanaimepo kuti aone: thabwa lotsatiralo linkatsika pang'onopang'ono n'kukweranso. Litatsika, a Takyo anangodumpha kamodzi, osachitanso kuthamanga, ndipo anakafika pamwamba osagwa.

Wenceslao anayesanso, nadikira, nadutsa. Anakagwera pa la 31, koma ulendo uno anangodzitukwana yekha.

Mawu owadzudzula anachokera kwina. Pa chakudya cha masana a Luningning ananena kuti ngati munthu wagwa masiku atatu osazindikira kuti thabwa likuyenda, mmisiri nayenso ali ndi mlandu. A Takyo anakana mpaka mpunga unazizira. Atabwerera m'shopu analipaka thabwalo utoto wachikasu kuti lizioneka losiyana ndi anzake, koma kusuntha sanalisunthe ngakhale pang'ono.

Nsanjayo anaiika pa intaneti, ndipo masiku ano amaikwera anthu a ku Davao ndi ku Hanoi omwe a Takyo sadzaonana nawo. Ena amalemba zodandaula. Iwo amawerenga zonse, magalasi ali pamphuno, n'kuyankha okhawo amene atchula nambala ya thabwa lomwe agwerapo.