Mutu Umene Unandipweteka ku Greenbelt

Mng'ono wanga Tadala atatenga mimba mosayembekezera, anasankha kuichotsa, ndipo anandipempha ndimuperekeze kuchipatala ku Greenbelt. Ine, mtsogoleri wa kwaya, ndinaimika galimoto kuseri kwa shopu ya matayala n'kunama kuti mutu ukundipweteka. Ndinkaopa maso a anthu akutchalitchi.

Analowa yekha, n'kutulukanso yekha.

"Achemwali, akuti nthawi yochotsa ndi mapilitsi yadutsa. Adzaichotsa adokotala Lachisanu, koma pakufunika munthu wondibweretsa kunyumba. Ndipemphe ndani?"

Manyazi anandigwira, ndinangoyang'ana matayala aja.

Lachisanu ndinaimika galimoto pakhomo penipeni, n'kulowa nditamugwira dzanja. Namwino atafunsa kuti ndine ndani, ndinayankha mokweza ngati ndikuyambitsa nyimbo: "Mkulu wake!"

Mutu uja sunayerekeze n'komwe kupweteka.