Chotupa cha pa ntchafu chinandilanda mwana

Chinayamba ngati kanjere ka nzama pa ntchafu yakumanzere, nthawi yowokera mpunga, mwana wanga Saidi ali ndi miyezi isanu. Sichinkapweteka. Ndinabisa chifukwa cha malo ake, poti woona odwala kuchipatala cha kwathu anali mwamuna.

Pofika nthawi yokolola chinali ngati chibakera, chofunda, mitsempha ikuonekera pamwamba. Azakhali ananditemera mphini kuti magazi oipa atuluke. Magaziwo sanaleke mpaka nsalu ziwiri zinanyowa. Amuna anga anandikweza basi, makhadi a chipani ali m'thumba poti wopanda khadi sakwera basi, kupita kuchipatala chachikulu. Saidi anatsala ndi mkazi mnzanga, Zainabu, amene ankayamwitsanso wake.

Adokotala ataona anati, "Chotupa chotere chimameretsa timitsempha take kuti chizikuberani magazi. Mwatema pamene tachuluka. Tikatimanga, chisowa chakudya, ndipo tichichotsa bwino."

Koma magazi anga anali atachepa, ndiye anati ndidikire. M'mawa uliwonse kuyeza kutentha kwa thupi, mapiritsi ofiira, phala, basi kudikira. Pabedi loyandikana nane panali mayi wa ku Kanyenda, khanda lake lili pambali. Akamayamwitsa ndinkatembenukira kukhoma. Mkaka wanga ndinkaufinyira m'beseni mpaka unauma.

Tsiku lina Zainabu anabwera naye Saidi kudzandiona. Anali atanenepa. Ndinatambasula manja, iye n'kubisa nkhope m'khosi mwa Zainabu.

"Musadandaule achemwali, salira n'komwe," anatero Zainabu.

Ananena mwachifundo, ndipo ndinathokoza. Koma Mulungu andikhululukire, ndinkafuna kumva kuti mwanayo amalira tsiku lonse, akukana bere la Zainabu.

Opaleshoni inayenda bwino. Ndinatuluka nditagona miyezi itatu. Namwino pondichotsa ulusi anati, "Mukanabwera chili chaching'ono, sabata imodzi ikanakwana."

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimasenza mtsuko, chipsera chokha chimayabwa kukazizira. Saidi wakwanitsa zaka ziwiri. Tonse awiri amatitchula amayi, koma akagwa amathamangira kwa Zainabu, ine ndili pomwepo. Ndimangotola chimene wagwetsa n'kudikira kuti atonthole.

Amayi anzanga, mukaona chotupa paliponse, musateme mphini, musabise. Pitani msanga, ngakhale woyezayo akhale mwamuna. Manyazi a tsiku limodzi amatha. Mwana akazolowera msana wa wina, kuchipatala kulibe mankhwala ake.