Makutu a Nafisa Anatsekukira Pamtondo

Ku Chipoka kunali mayi wina woyanika usipa, dzina lake Nafisa, amene anthu ankati amamva ngakhale zonong'ona. Makutu amenewo sanabadwe nawo.

Nkhondo ya Azungu itatha, asilikali ena anabwerako ndi malaya a khaki, ena ndi chifuwa. Fanuel anabwerako ndi mkazi wa ku Tanganyika, wosadziwa Chichewa ngakhale cha moni. Poyamba sizinavute, poti mwamunayo ankayankhula Chiswahili cha kuusilikali, chokhotakhota koma chomveka. Vuto lake anali wosakhazikika. Posakhalitsa anakwera sitima ya pamtunda kukafuna ntchito ku Halale, n'kumusiya Nafisa m'manja mwa mlongo wake, Eveles.

Eveles sanali woipa mtima, koma ankakhulupirira kuti munthu wosadziwa chinenero ukamukuwira ndiye amamva. "Madzi! Nkhuni!" ankatero, ngati akuitana bwato lili pakati pa nyanja. Nafisa ankatunga, ankatola, ankayanika nsomba pathandala, tsiku n'kutha osacheza ndi munthu. Asilamu anzake ankamupatsa salamu, kenako n'kulowa m'Chiyao chawo. Anali yekhayekha, ndipo zinkamupweteka.

Chimene ankafuna chinali chimodzi, kudziwa za mwamuna wake. Obwera ku Halale ankafika pakhomo, dzina la Fanuel n'kumveka, koma mawu ena onse ankamudutsa mothamanga. Akafunsa ndi manja, Eveles ankangoti, "Ali bwino, ali bwino."

Sukulu yake inakhala pamtondo. Anazindikira kuti akazi akamasinja sathamangitsa mawu. Amaimba, ndipo mzere umodzi amaubwereza mpaka chimanga chitayera. Nafisa ankakhala pambali akupeta, maso palichero, makutu kunyimbo. Akatola liwu ankakaliyesera yekha potsuka mbale kunyanja, n'kumalidikira kuti litulukenso m'kamwa mwa wina pa nkhani ina. Sanauze munthu, poopa kusekedwa. Zaka zinapita motero, Fanuel osaoneka.

Tsono kumeneko nkhani imene anthu akuopa kumuuza munthu pamaso amaiponya m'nyimbo ya pamtondo. Amaimba za apongozi aumbombo, mwini nkhani ali pomwepo, n'kudzimvera yekha. Za Nafisa ankaimba momasuka, poti ankati ndi gonthi.

M'mawa wina nthawi yokolola, Eveles anayambitsa nyimbo imene Nafisa anali ataimva kambirimbiri. Ankaikonda, moti nthawi zina ankaing'ung'udza posesa. Tsiku limenelo mawu ake anabwera limodzilimodzi, onse omveka:

"Mlongo wanga watchona ku Halale,
wakwatira, wabereka ana,
mlendo wake akusesabe pakhomo."

Lichero linangoti zii pamiyendo pake.

"Alamu," anatero Nafisa m'Chichewa.

Minsi yonse inaima. Eveles anagwira pakamwa. "Mayo ine! Kodi mumamva?"

"Ndayamba lero."

"Alamu, tikanakuuzani bwanji? Ife tinkati..."

Nafisa anaika lichero pansi, n'kuimirira, n'kutenga munsi m'manja mwa Eveles kuti asinje m'malo mwake.

"Imbaninso," anatero. "Pang'onopang'ono. Chichewa changa n'chochepa, mwina sindinamve bwino."

Anayamba kusinja yekha, akudikira. Akazi aja anangoyang'ana pansi, ndipo panalibe amene anaimba.