Masoka awiri a pansi pa galimoto ya adada

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene amama anatenganso pakati. Ana sauzidwa zoterezi, koma ine maso ndinali nawo, ndipo makutu anga sankapuma. Kawiri konse m'mbuyomo amama anali atapita kuchipatala cha pa boma ali oyembekezera, n'kubwerako chimanjamanja. Azimayi a m'mudzi mwathu, kwa Mwase, ankabwera kudzakhala pakhonde n'kumanong'onezana kuti, "Masoka awiri otsatizana." Ine ndinkayesa masoka ndi zinthu zogwirika, zobisala penapake pafupi ndi nyumba yathu. Ndinkaopa kuti mwana wachitatuyu amutenganso.

Adada anali ndi kagalimoto kofiira, kaja kopanda mchira, kokhala ndi chitseko kumbuyo. Ankanyamulira anthu ndi matumba a mtedza kupita ku Lundazi. Kanali katatopa, kosauka. Kakaponda dzenje kankapitirizabe kudumpha ngakhale msewu utasalala kale, moti anthu anakatcha Vimbuza, dzina la gule wa mizimu, poti kankavina popanda woimba ng'oma. Ife ana tinkasangalala nako zedi. Amama akakwera ankangoluma mlomo, dzanja lili pamimba.

Tsiku lina m'mawa adada anakanikiza kumbuyo kwa galimotoyo ndi manja onse awiri n'kusiya. Inagwedera, kugwedera, osafuna kuleka. Anapukusa mutu n'kuuza amama kuti, "Sinizakunyamulani futi na masoko aya. Lelo nichosa yonse yabili."

Ankanena mashoko, zitsulo zoletsa galimoto kudumpha, kungoti lilime la adada silinkagwirizana ndi mawu achizungu. Ine ndinamva zanga. Masoka, awiri, ndipo nthawi yonseyi anali pansi pa galimoto yathu yomwe! Ndinalira mpaka adada anandilola kukwera nawo, chifukwa ndinkafuna kuwaona ndi maso anga akutuluka.

Makaniko wawo, a Nyirenda, ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Mpaka lero ndikamva fungo la oyilo wakale losakanikirana ndi la kapenta wouma, ndimangoona malo amenewo. Atapatsana monire ndi adada, a Nyirenda anaika miyala kumatayala akutsogolo, kukweza galimoto ndi jeke, n'kuchotsa tayala lakumbuyo. Nati ya pamwamba anaimasulira mosavuta m'buti, kumbuyo kwa galimoto. Koma bawuti wa pansi anali atachita dzimbiri, ndipo anakana. Anamuthira mafuta, kumumenya ndi hamala, kulumikiza paipi kusipanala kuti apeze mphamvu. Ine sindinadabwe. Tsoka lingalole kuchoka mwaulemu?

Kenaka linatuluka, lakuda bii, lonyowa ndi mafuta, matope atamatirira. A Nyirenda analikanikiza ndi dzanja, linangolowa osabwereranso.

"Iyi inafa kudala," anatero, kutanthauza kuti inatha kalekale. "Na inzake tichose. Izi sitichinja imozi, tichinja zonse zibili."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu wamkulu. Zinali zoona, anali awiri.

Atamanga atsopano n'kutsitsa galimoto, adada anakanikizanso kumbuyo. Inatsika, kukwera, n'kukhala phee. Ndinamva kupepuka m'thupi monse. Koma adada anali munthu wosataya kanthu. Msomali wopindika ankauwongola n'kuusunga m'chitini. Ndinangoona akutola zitsulo zakale zija, akuti zikagwira ntchito kungolo ya ng'ombe.

Ndinathamanga n'kukaima pachitseko chakumbuyo, manja tambalala.

"Adada, musatenge! Akapha mwana wa amama!"

Onse anandiyang'ana. A Nyirenda anafunsa chimene chavuta, ndipo ine, misozi ili chuchuchu, ndinafotokoza kuti amenewo ndi masoka amene anatenga ana athu awiri.

"Masoka? Iwe mwana, aya ni mashoko!" A Nyirenda anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala. Amayi ena ogulitsa chinangwa chootcha nawonso anali kufa nako kuseka. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Adada sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, zitsulo zili m'manja. Ndikuganiza kuti m'pamene anazindikira kuti kamtsikana kamene ankakayesa kosadziwa kanthu kanali kukhala ndi mantha omwewo amene iwo ankagona nawo. Maso awo anafiira, ndipo ndinali ndisanawaonepo chotero.

"Tamara wakamba zoona," anatero motsitsa mawu, akunditchula dzina langa. "A Nyirenda, sungani. Kunyumba kwanga sivizafika."

Pobwerera galimoto inayenda mwaulemu, yosavinanso. Tinadutsa minda ya fodya, njinga zonyamula makala, fumbi likutitsatira. Chapafupi ndi kwathu adada anaika dzanja lawo lonunkha oyilo pamutu panga n'kunena kuti, "Vina vili m'manja mwa Mulungu, mwana wanga. Ise tikonza vamene manja yathu yafika."

Titakolola chimanga, tsiku la amama linakwana. Adada anawatengera ku boma pang'onopang'ono, moti a panjinga ankawapitirira. Anabwerako atatu. Mng'ono wangayo pano ndi mayi wa ana ake, wamakani kuposa ine.

Ndinakula, ndinamva zimene anamwino anafotokozera amama za ana awiri aja, ndipo galimoto sinali m'gulu la zifukwazo. Adada anatisiya kale, ndipo ndimawasowa kwambiri. Chimene ndikumvetsa tsopano, poti nanenso ndine kholo, n'chakuti mantha a mwana sachotsedwa pomuuza kuti walakwitsa mawu. Adada ankadziwa bwino lomwe kuti zinali zitsulo chabe, zoti zikanawathandiza kungolo. Komabe munthu wosataya ngakhale msomali uja anazisiya pansi pa mango, kuti mwana wake akagone tulo.