Tsiku Limene Mayi Xoan Anatseka Chitseko

Mayi Xoan anabadwira mumsewu wathu womwe uno, mumzinda wadoko wa Hai Phong, ndipo sanasamukepo. Ali mtsikana ankagulitsa msuzi wa nkhanu pakona. Atakwatiwa ndi Bambo Khue, makanika wa njinga zamoto, anayamba kubwereketsa masikuta kwa alendo. Anali nawo asanu ndi awiri, onse okalamba, iliyonse ndi matenda akeake. Obwereka ambiri anali aphunzitsi a Chingerezi ochokera kunja, ndipo mayiwa sankawawerengera n'komwe.

"Awa amabwera ndi chikwama chimodzi, amagwa kawiri, amaswa galasi, kenako zii osatsanzika," ankatero. Mayi amenewa ngakhale moni ankapereka ngati akukukalipira.

Ndiye kunabwera Lahcen, bambo wazaka makumi atatu ndi zinayi, wa ku Marrakech ku Morocco. Ntchito anaipeza pa intaneti, kalata ili m'manja, koma atafika pasukulupo mwini wake anangomuyang'ana kumaso n'kunena kuti malo adzaza. Ankafuna mzungu woti azimuika pachithunzi chapakhomo kuti makolo azikopeka. Zochititsa manyazi, koma ndi mmene zilili.

Lahcen anafika kwa Mayi Xoan kudzabwereka sikuta yoti azifunira ntchito ina. Iwo anamupatsa yovutitsitsa pa zonse, kuti amuone. Munthuyo anailiza, n'kutchera khutu, n'kunena kuti pulagi yada. Anaipukuta, anakwera, ndipo anakadutsa pakati pa malole awiri ochokera kudoko ngati akudutsa pakhonde la kwawo. Mayi Xoan anagwira pakamwa.

"Iwe! Ukufuna kufera pa sikuta yanga?"

"Mayi, kwathu izi amayendetsa ndi agogo atanyamula nkhosa," anayankha Lahcen akuseka.

Kuyambira pamenepo anamukonda, ngakhale sanavomerepo. Patatha milungu itatu ntchito isakupezeka, anamuuza kuti, "Meta ndevuzo, vala malaya oyera, khala kumbuyo kwangaku." Anazungulira naye masukulu asanu ndi anayi m'masiku atatu. Pasukulu yomaliza mkulu wake anali mwana wa mnzawo wakale, ndiye anamulowera muofesi osagogoda.

"Iwe, ine ndinakuona ukuyenda wopanda kabudula mumsewu muja. Muyese kaye munthuyu, ukane pambuyo."

Anamuyesa, ndipo anamulemba tsiku lomwelo. Masana Lahcen ankaphunzitsa ana, madzulo antchito akudoko. Chilankhulo chathu anachigwira mokhotakhota, koma tinkamumva. Nkhumba sankadya, choncho Mayi Xoan anagula mphika wina womuphikira yekha, akudandaula tsiku ndi tsiku kuti munthu wovuta chotere sanamuonepo.

Chaka chachiwiri chili kumapeto, Bambo Khue anagwa ali pantchito. Inali sitiroko. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panakhota. Masikuta anayamba kukonza ndi Lahcen. Katatu pamlungu ankawakweza kumbuyo kwake, n'kuwamangirira pamsana ndi nsalu ngati mwana, n'kupita nawo kuchipatala kukawongola ziwalo. Tinkawaona akudutsa pang'onopang'ono, mutu wa bambowo uli paphewa pa mphunzitsi.

Kenako Tet inayandikira, Chaka Chatsopano chathu. Amene wayamba kuponda m'nyumba tsiku loyamba la chaka ndiye wabweretsa chaka chonsecho, chabwino kapena choipa. Mayi Xoan sanafune zamwayi, mwamuna wawo ali chigonere chotero. Anafunsa odziwa kalendala, n'kusankha Bambo Luong, bambo wonenepa, wosekaseka, wa zidzukulu zambiri, amene chaka chawo chobadwa chinkagwirizana ndi cha Bambo Khue. Anapangana seveni koloko m'mawa. Ndipo munthu amene ali pamaliro salowa m'nyumba ya wina masiku amenewo. Izi amadziwa ndi mwana yemwe. Koma Lahcen palibe anamuuzapo, pakuti Tet yoyamba ija anali atapita kukayenda kumapiri.

M'mawa wa tsikulo nyumba inali yosesedwa, maluwa ali pamalo, Bambo Khue atavekedwa malaya atsopano n'kukhazikidwa pampando moyang'ana khomo. Hafu sikisi itangokwana, Mayi Xoan anamva sikuta ikulowa mumsewu. Anaidziwa ndi kutsokomola kwake. Anathamangira pakhomo, ndipo anapeza Lahcen watsika kale, phazi lili pasitepe yoyamba.

"Ima pomwepo! Lero si tsiku lolowa chisawawa. Pita ukabwere masana, ndakusungira chakudya."

Lahcen sanaseke. Maso anali ofiira, batani la malaya litalowa polakwika.

"Mayi, amayi anga amwalira. Mchemwali wanga wangoimba kumene."

Mayi Xoan anadandaula mumtima: Mayo ine! Pa masiku onse a chaka, lero?

"Kwathu timaika msanga, sindikawapeza," anapitiriza Lahcen. "Ndilibe kwina kopita. Ndingokhala pansi pang'ono, pafupi ndi bambo."

Kwawo munthu akaferedwa amathamangira kwa anthu ake, zitseko zimatseguka, achinansi amaphika. Iye anachita zimene anazidziwa. Anakweza phazi pasitepe yachiwiri.

Mayi Xoan anatambasula manja n'kugwira mafelemu a chitseko uku ndi uku.

"Mwanangu, uli pamaliro. Sungalowe."

"Mwati chiyani?"

"Bambo akudwala. Ukalowa ndiwe, chaka chino sachimaliza. Pepa. Pepa, mwanangu."

Lahcen anawayang'ana ngati sakuwadziwa. Kumbuyo kwawo Bambo Khue anayamba kumenya mpando ndi dzanja lamanzere, akulimbana ndi lilime lawo lolemera. Mawu amene anatuluka anali amodzi okha, koma tonse tinawamva.

"Lowa. Lowa."

"Mwamva?" anatero Lahcen. "Bambo amenewa ndawabereka pamsana panga miyezi inayi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye imfa ndingawabweretsere ine?"

Mayi Xoan anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi, n'kukoka chitseko cha zitsulo zopingasa, phokoso lake n'kumveka msewu wonse. Analowetsa loko. Kenako anathira tiyi m'kapu n'kuitulutsa pakati pa zitsulo. Lahcen anaiyang'ana kapuyo, osailandira. Anaika kiyi pachishalo cha sikuta, chipewa pambali pake, n'kuyamba kuyenda wapansi. Zaka ziwiri zonsezo sitinamuonepo akuyenda wapansi mumsewu uno.

Ndinene zoona: tonse tinkaonera. Makatani ankagwedezeka nyumba ndi nyumba, koma palibe anatsegula, ine ndemwe ayi. Munthu wamkulu anadutsa pamakomo pathu akulira ngati mwana, ife tili kuseri kwa zitseko titavala zovala zatsopano.

Bambo Luong anafika hafu seveni, mochedwa, akuseka kuyambira pakona. Analowa, anafunira nyumba thanzi ndi mtendere, anamwa tiyi. Anadabwa kuti Bambo Khue atembenukira kukhoma osawayankha moni.

Tsiku lachitatu Mayi Xoan anakwera sikuta kupita kumene Lahcen ankakhala, atanyamula chakudya cha mumphika wake uja. Mwini nyumba anati wanyamuka m'mawa womwewo. Mayi Xoan anamutumizira mauthenga pafoni. Lahcen anayankha kamodzi kokha: "Ndafika, Mayi. Ndakaona manda. Bambo achire." Kusukulu sanabwerere.

Tsono imvani izi. Bambo Khue anachira. Mwezi wachinayi wa chaka chatsopanocho anaimirira, wachisanu ndi chitatu ankayenda ndi ndodo, ndipo chaka chisanathe anagwira sipanala ndi dzanja lomwe lija linafa. Adokotala anati n'chifukwa cha masewero owongola ziwalo amene anayamba msanga. Amayi a mumsewu anati ayi, n'chifukwa cha chitseko. Mpaka lero amawayamikira Mayi Xoan kuti ndi mkazi wolimba mtima, anateteza nyumba yake, ndipo atsikana ongokwatiwa kumene amauzidwa kuti atengere chitsanzo.

Iwo akamva zimenezo amadzuka n'kulowa m'nyumba. Masikuta akubwereketsabe, akukalipabe, koma mphunzitsi aliyense watsopano amamukhazika pansi tsiku loyamba, asanamupatse kiyi, n'kumufotokozera za Tet mwatsatanetsatane, ngakhale kutatsala miyezi khumi.

Tsiku lina ndinawapeza akutsuka sikuta pakhomo, ndipo ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati amanong'oneza bondo. Anasiya nsanza m'ndowa. Anayang'ana mwamuna wawo, amene anali atagwada akumasula gudumu.

"Mnzanga, ndamulirira mwana uja kuposa mmene ndinalirira amayi anga ondibereka," anatero. "Koma taonani bambowo, akugwira ntchito. Litabweranso tsiku lija, iye ataimanso pasitepe pomwepa akulira, ndingatsekenso. Ndadzifunsa kambirimbiri, yankho limabwera lomwelo. Ndiye tandiuzani inuyo, ine ndine munthu wotani?"