Jestina Waima Panjira

Mukafika kwa Tembwe n'kufunsa kuti Hosea Goma ndi uti, adzakulozerani kamdala kafupi, kadazi lonyezimira ngati chipanda chatsopano, koyenda ndi nkhwangwa paphewa ngakhale popita kutchalitchi. Ndi mlimi wa chimanga ngati tonsefe, kungoti chake njovu zimadya kuposa cha anzake, chifukwa Hosea akati wagona amagonadi. Sukulu adaionera pawindo. Zonsezi timamuseka nazo ndipo iye amasekanso. Koma pali chinthu chimodzi chimene ngakhale ife apakamwa poipa sitimuseka nacho: mtengo wa mvunguti womwe udali pamtunda wa dziwe la Kamphasa.

Kalekale, dazi lisanamuyambe, Hosea adali ndi mkazi dzina lake Jestina, wamtali kumuposa, woseka mpaka nkhanga kuthawa. Tsiku lina m'mawa Jestina adatsikira kudziwe kukachapa. Anthu adangopeza ndowa, sopo ali pamwala, ndi patapata mmodzi. Ng'ona idatenga zina zonse. Adafufuza ndi mabwato mpaka manja kutupa, osapeza ngakhale nsanza.

Maliro sangathe popanda choika m'nthaka. Tsono akuluakulu adatola chipatso cha mvunguti, chija chachitali cholemera ngati mwana, adachikulunga m'chitenje cha Jestina n'kuchiika pamtunda, pamwamba penipeni pa malo amene adatengedwera. Kumanda adakana, ati wotengedwa ndi madzi akhale pafupi ndi madzi.

Mvula itagwa, pamtumbirapo padatuluka kamtengo. Ena adati kazulidwe. Hosea adakatchinga ndi minga kuopa mbuzi. Kamtengo kadakula, kadamupitirira kutalika monga mwini wake ankachitira, kadayamba kugwetsa maluwa ofiira ngati chiwindi. Hosea ankapita kukakhala patsinde n'kumauza mtengo nkhani za kumudzi. Sadakwatirenso. Eneless, mng'ono wake wa Jestina, ankamunyoza poyera: "Alamu, mkazi wanu uja wakuphikirani chiyani lero? Masamba?" Hosea ankayankha: "Koma sandilalatira ngati iwe."

Chaka chathachi kudabwera nkhani ya njira. Anthu a tsidya la dziwe popita kukiliniki ndi kusukulu ankadutsa m'mphepete mwa madzi, m'matope, maso ali kumanzere. Mwaka, namwino yemwe boma lidamutumiza kuno kuchokera ku Kabwe, adatopa ndi kulandira amayi apakati atafika ndi matope mpaka m'chiuno. Adapempha kuti anthu adzipereke Loweruka lililonse, alambule njira pamtunda. Adabwera ndi makasu, zikwanje ndi wilibala imodzi yolira ngati mbuzi yobereka. Woyamba kufika ankakhala Hosea, iye amene kumunda kwake amafika dzuwa litatentha kale.

Ntchito idayenda bwino mpaka pamene mtunda umachepa. Pamalopo kumanzere kuli dziwe, kumanja ndi kutsogolo kuli khwawa lakuya, ndipo pakati, pokwana njira yokha, padaima mvunguti. Chingwe cha Mwaka choyezera njira, chomangidwa pa zikhomo, chidaloza patsinde penipeni.

Anthu onse ankadziwa, kupatula Mwaka. Mukadaona ulesi umene udagwa! Amuna akuluakulu kunola makasu m'mawa wonse. Wina mpini waguluka, wina msana. Mwaka adadabwa.

"Manje chavuta n'chiyani? Mtengo umodzi chabe. Ba Hosea, si inu muli ndi nkhwangwa?"

Eneless adakokera Mwaka pambali n'kumunong'oneza. Mwaka adabwerera nkhope itagwa, adagwada pang'ono.

"Pepani atate, sindinadziwe."

"Palibe mlandu, mayi," adatero Hosea. "Njira itsike pansi pang'ono, imuzungulire, ikwerenso uko kumene khwawa limathera."

Palibe adatsutsa. Zikhomo adazizula n'kuzikhoma kunsi, pafupi ndi madzi. Aliyense ankadziwa kuti kunsiko ndi pamwala uja padatsala sopo, koma ndani akadanena?

Loweruka lotsatira Hosea adalawira monga ankachitira pa ntchito ya njirayi. Adatsikira pa zikhomo zatsopano zija n'kuima. Pamatope padali mkwasa waukulu, wosalala, wa mimba ya ng'ona, kuchokera m'madzi kudutsa pakati pa zikhomo. Ndipo pamwamba pa mkwasawo padali timapazi ta ana asukulu, omwe adali atayamba kale kudutsa njira isanathe. Timapazi tina tidali topanda nsapato.

Eneless adamupeza ataima pomwepo, khasu lili pansi.

"Alamu, mwaona chiyani? Mwauma ngati chitsa."

Hosea adangoloza ndi mlomo. Eneless adayang'ana, adagwira pakamwa.

"Chilombo chija sichinasamuke," adatero Hosea. "Kapena ndi mwana wake. Ndimati ndikusunga mkulu wako, kani ndikuitanira chilombo ana a eni ake."

"Nanga mutani?"

"Iwe unkamudziwa. Akadati chiyani?"

Eneless adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, koma pakamwa pake sipasintha. "Akadati ndinu chitsiru, alamu. Akadatinso wakhala chiimire zaka zonsezi, miyendo yatopa."

Anthu atasonkhana, Hosea adapempha kuti wina aliyense asakhudze mtengowo. Adavula chipewa, adauza mtengo mawu ena omwe sitidamve, kenaka adayamba kudula. Adadulira mbali ya kukhwawa. Dzuwa lidafika pamutu iye akudulabe, thukuta lili chuchuchu, maluwa ofiira aja akumugwera padazi. Anyamata ankafuna kumulandira, iye n'kuwakankha ndi chigongono. Amayi adayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, yomwe ija adaimba kale pamalopo. Mtengo udalira kamodzi, kulira kwakutali kosafanana ndi kwa mtengo, udapendekeka pang'onopang'ono n'kugona chopingasa khwawa, nsonga tsidya lina.

Anthu adausema pamwamba kuti pakhale posalala, adaika mitengo ina m'mbali mwake, adathira dothi. Lero ndiwo ulalo wa njira ya Kamphasa. Njinga zimadutsa, ana amadutsa, amayi apakati amafika kukiliniki mapazi ali oyera.

Koma musaganize kuti anthu amangopondapo. Aliyense akafika pamenepo amati "odi" asanaike phazi. Ena amati m'mawa thunthulo limakhala lofunda ngati munthu wangodzukapo. Ena amati madzi akadzaza m'khwawa pamamveka fungo la sopo. Mwaka amati zonsezo ndi nkhani chabe, koma tidamuona ife akutsika panjinga, milomo ikugwedezeka.

Hosea yekha ndiye sanawolokepo. Akafika pachitsa, chomwe manje chaphuka timasamba tatsopano, amakhala pansi pang'ono, kenaka amatsikira kunsi, kunjira yakale ya m'matope, nkhwangwa ili paphewa, madzi ali kumanzere kwake. Eneless wakalipa mpaka mawu kusasa.

"Alamu, mudzafera chiyani? Ulalo ulipo, mudaugwetsa nokha!"

Hosea amangopukusa dazi lake.

"Mkazi wanga sindidamupondepo ali moyo. Ndiyambe manje?"

Ndipo amatsika ndithu. Ife timaima pamtunda n'kumamuyang'ana mpaka atulukire tsidya lina, osaseka, maso ali pamadzi.