Mfundo ya pa Chitenje cha Amama

Kumudzi kwathu, cha ku Sasare, mukafunsa chimene chinapha amama, aliyense adzakuuzani kuti chinali chisoni. Amati anagwa pamaliro a mlongo wawo, mtima unasweka, natsatira. Amanena mokoma ndithu, ena mpaka kutsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi. Ine ndimangovomera. Koma ndine mwana wawo woyamba, ndipo ndikudziwa kuti amama anafa ndi njala, miphika ili yodzaza pabwalo.

Atata atamwalira, amama anatitenga nkukakhala ku Nyimba, kumene ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Lusaka. Basi ikaima ankathamanga ndi beseni pamutu, kuwasiya m'mbuyo atsikana amsinkhu wanga. Pakamwa pawo panali pakuthwa. Wokwera basi akati nthochi zadula, ankamuyankha kuti akalime zake padenga la basiyo. Anthu ankaseka, nkugula. Ndi nthochi zimenezo anandiphunzitsa mpaka ndinakhala mphunzitsi.

Matenda anayamba ndi ludzu. Ankamwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe, nkumapita kuseri kosalekeza. Kenaka anayamba kuwonda, chitenje chikuwazungulira kawiri. Anzawo apamsewu anayamba kunong'onezana za matenda ena aja, ngakhale amama anali atakalamba kale ndipo analibe nazo ntchito za amuna. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a shuga. Anayamba ndi mapiritsi, koma patapita zaka mapiritsiwo anatopa, ndipo anawaika pa jekeseni wa insulini, m'mawa ndi madzulo. Kwathu jekeseni timangoti nyeleti.

Namwino amene anatiphunzitsa kubaya anali wochokera kum'mwera kwa dziko, Chinyanja chake chopindikapindika, koma anali woleza mtima. Anatikhazika pabenchi nkutifotokozera kuti chakudya chikalowa m'mimba chimasanduka shuga, shugayo nkulowa m'magazi. Pamenepo kapamba amatulutsa insulini, amene amatenga shuga m'magazi nkumulowetsa m'minofu kuti akhale mphamvu, wotsala nkumusungitsa m'chiwindi. Munthu akakhala osadya, kapamba amaleka kutulutsa insulini, chiwindi nkumabweza pang'onopang'ono shuga uja chinasunga. Thupi limadziyesera lokha tsiku lonse, mwiniwake osadziwa. Kwa amama kapamba anali atafooka, nchifukwa chake shuga ankangodzazana m'magazi thupi likufa ndi njala.

Amama anamvetsera, kenaka anati, "Oho, ndiye kuti insulini ni kondakitala. Akweza anthu m'basi."

Namwino anaseka. "Ni mwamene, amai. Koma kondakitala wa m'botolo alibe maso. Mukamubaya azakweza chabe, olo pa siteshoni palibe munthu. Mukabaya nyeleti mufunika kudya. Mukapanda kudya, shuga izasila, izathelatu m'magazi, ndipo choyamba kuvutika ni bongo. Mukamvela thukuta, kunjenjema, mutu kuzungulila, dyani switi pamene apo."

Kuyambira tsiku limenelo amama ankamanga maswiti pamfundo ya chitenje, pamene amayi ena amamanga ndalama. Kabotolo ka insulini ankakasunga mumphika wadothi, m'mchenga wonyowa, kuseri kwa chitseko, poti magetsi tinalibe. Pa nkhani ya nyeleti anali omvera kuposa mwana wasukulu. Sanadumphitsepo, kaya kugwe mvula kaya kubwere alendo. Ananenepanso, nabwerera kumsewu kukatukwana ndi okwera basi.

Panali munthu wina amene anatenga matendawa ngati ake. Awa anali azakhali, mlongo wa malemu atata, amene ankakhala ku Kacholola. Chimwalirire atata, iwo sanawataye alamu awo. Ankabwera pa njinga ndi nkhwani, therere, nthawi zina nkhuku. Atamva kuti amama ali ndi shuga, anadziika okha kukhala wapolisi. Akafika pakhomo ankayamba kufufuza m'kabati, nkubisa chitini cha shuga. Tsiku lina paukwati anawalanda amama botolo la chakumwa lili kale pakamwa, anthu onse akuona. Amama anakalipa, azakhali nkuyankha kuti, "Nitukwaneni, alamu, koma simuzafela m'manja mwanga." Za maswiti a pamfundo sankazidziwa. Amama ankawabisira dala, akuti angawataye m'chimbudzi, ndipo tonse tinkaseka nazo.

Tsopano ndinene za amalume, mlongo wawo wa amama, amene anatsala kumudzi. Awiriwa anakondana kuyambira ubwana, ndipo anakangananso kuyambira ubwana. Mkangano womaliza unali wa dimba limene ambuya, amayi awo, anasiya m'mphepete mwa mtsinje. Amalume analipereka kwa munthu wobwera kuti azilima, osawafunsa amama. Amama anakwera galimoto mpaka kumudzi, ndipo pabwalo, anthu atadzaza, anawaloza chala amalume nkunena kuti, "Muzaona, alongo. Muzaona!" Ine ndimawadziwa amama. Ankandiuza inenso kuti ndidzaona ndikapsereza ndiwo. Lilime lilibe fupa. Koma kumudzi mawu amenewo saiwalika.

Mvula yoyamba isanagwe, amalume anagwa m'munda nkumwalira. Sanadwale, sanadandaule. Uthenga unabwera pa foni masana, ndipo amama anakhala pansi pafumbi, beseni la nthochi likugubuduka. Analira kulira kwenikweni, poti chibale ndi fupa, sichiola. Koma ndinaonanso china m'maso mwawo. Anali mantha. Iwo ankadziwa, inenso ndinkadziwa, kuti kumudzi anthu ayamba kale kukumbutsana za chala chija.

Inali nyengo ya mayeso ndipo akusukulu sanandilole kuchoka tsiku lomwelo. Amama ananyamuka ndi azakhali, amene anathamanga kuchokera ku Kacholola atangomva. Ndinawakulungira kabotolo m'kansalu konyowa, nkukaika m'chitini. Ndinagwira pamfundo ya chitenje, maswiti analipo. Ndinati, "Amama, mukadye." Anati, "Iwe, nine mwana ine? Ubwele mailo, usachedwe."

Zimene zinachitika kumeneko ndinazitolera pambuyo pake, kwa uyu pang'ono, kwa uyo pang'ono. Kwathu mlongo wake wa malemu amakhala m'nyumba ya maliro, pafupi ndi mtembo, ndipo ndiye amatsogolera kulira. Anthu apabwalo amadya, okumba manda amadya, koma amene waferedwa kwenikweni amakankha mbale. Akamukakamiza amangolawa. Palibe lamulo lolembedwa, koma maso amawerenga. Amene adya mokhuta mlongo wake ali chigonere, amati mtima wake uli m'malo, ndipo ena amafunsa kuti uli m'malo chifukwa chiyani. Kwa mayi wina aliyense ikanakhala miseche ya masiku ochepa. Kwa amama, amene analoza chala pabwalo, kutafuna kulikonse kukanakhala umboni. Mbale zinkalowa m'nyumbamo nkutuluka momwemo.

Koma nyeleti sanadumphitse. Madzulo anabaya, nalawa phala pang'ono. M'mawa wa tsiku loika maliro anapita kuseri kwa nkhokwe, azakhali atawatchingira ndi nsalu, nabayanso. Anamvera namwino pa za nyeleti, anamveranso mudzi pa za mbale. Kenaka anavula chitenje chimene anabwera nacho, nkuvala bulauzi yoyera ndi chitenje cha amayi a chigwirizano, poti ndi mmene amayi ampingo amaperekezera maliro. Chakale chija anachipinda nkuchiika m'chikwama, mfundo yake ili chimangire.

Dzuwa la ku Petauke mvula ikamayandikira silichita chibwana. Kumanda ndi kutali, kuseri kwa phiri. Akuti ali m'njira amama anayamba kutuluka thukuta ngati awathira madzi, akudzandira. Amayi awiri anawagwira m'khwapa. Bokosi likutsika anayamba kulankhula zosamveka, kuitana ambuya amene anafa kalekale, dzanja likupapasa m'chiuno, kufunafuna pamapeto pa chitenje. Anthu anati akudzigwira m'mimba ndi chisoni. Kenaka anagwa.

Pamaliro kukomoka si chachilendo. Amayi amakomoka, amawathira madzi, amawakupiza, nkudzuka. Anawanyamula kubwerera kumudzi, nkuwagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Akuti panthawiyo anali akutsegulabe maso ndipo ankatha kumeza. Mkazi wa mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi, mlendo m'mudzimo, anabwera ndi kapu ya thobwa lothira shuga, nagwada kuti awamwetse. Azakhali anamugwira dzanja.

"Iyayi! Osawapatsa! Ali na matenda a shuga awa, mufuna muwaphe?"

Mayiyo anapepesa nkubwerera ndi kapu yake. Azakhali anatunga madzi a pachitsime, nkumawanyowetsa milomo.

Ine ndinanyamuka m'mamawa wa tsiku loika malirolo, koma minibasi inazungulira mu Nyimba kusaka anthu ngati yataya kanthu, ndipo pa Petauke ndinadikira galimoto ya ku Sasare mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndinafika anthu atabwerako kumanda, akusamba m'manja, akudya. Pansi pa mango panali gulu la amayi akuimba chapansipansi. Nditayandikira anandipatukira mwaulemu umene sindinauyembekezere. Mayi wina wachikulire, amene ndikudziwa kuti ndiye anayambitsa miseche ya chala, anandigwira paphewa nati, "Mwana wanga, amako anam'konda mlongo wawo. Ise tenze kuganiza vina. Mulungu atikhululukile."

Amama anali gone, khungu lozizira ndi lonyowa, akupuma mokoka. Ndinawaitana, osayankha. Ndinafunsa ngati adya. Amayi anayang'anana, wina nkunena monyadira kuti sanakhudze kanthu chifikireni. Ndinatembenukira kwa azakhali.

"Nyeleti abaya?"

"Abaya, mwana wanga, osada nkhawa. Nenzepo ine. Na vonzuna, va shuga, nakana, palibe amene awapatsa."

Sindikumbuka kuti ndinakuwa chiyani. Ndikukumbuka kuti ndinathamangira kumene amaphikira, nkutapa shuga ndi dzanja m'thumba, nkumawapaka amama m'kamwa, m'nkhama, azakhali akundikoka mkono, akulira kuti mwana wapenga. Amama sanathenso kumeza. Shuga ankangotuluka ndi malovu nkutsikira pabulauzi yoyera ija.

Tinawakweza pangolo mpaka kukachipatala kakang'ono, ng'ombe zikuyenda ngati zikupita kudambo. Kumeneko anawaika diripi, ndipo kenaka galimoto inawatengera ku Petauke. Shuga anabwerera m'magazi, koma amama sanabwerere. Dokotala anandiitanira pakhonde nkundiuza mofatsa kuti ubongo unakhala nthawi yaitali wopanda chakudya. Anagona choncho masiku angapo, ine ndikuwatembenuza, ndikuwauza nkhani za pamsewu, za mitengo ya nthochi, za yemwe wakwatiwa. Anamwalira m'mawa wina ndikuwapukuta kumaso.

Tinawaika pafupi ndi amalume. Maliro awo anali aakulu kuposa a mlongo wawo. Mlaliki anati chikondi chotere sichionekanso masiku ano. Munthu wobwera uja anabweza dimba yekha, osafunsidwa. Dzina la amama linayera mbee, ndipo palibe amene anatchulanso za chala. Chimene ankafuna pokankha mbale zija anachipeza chonse. Ine ndinali ndi ukali umene ndinalibe pouika. Ndikanakalipira ndani? Mudzi wonse unkandipepesa.

Chikwama chawo ndinachitsegula nditabwerera ku Nyimba. Chitenje chinali pamwamba penipeni, chopindidwa bwino, chikununkha utsi ndi nthochi. Mfundo inali yolimba monga ankamangira iwo, yoti umasule ndi mano. Maswiti anali atasungunuka ndi kutentha nkumatirira kunsalu. Chikwamacho chinali m'nyumba ya maliro nthawi yonse ija, kungoyenda pang'ono kuchokera pa mango. Ndinakhala pansi nkulira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Masiku ano pamaliro alionse ndimalowa m'nyumba ya oferedwa ndi mbale, nkufunsa mosanyengerera kuti ndani pano amabaya nyeleti kapena kumwa mapiritsi a shuga. Ndikamupeza ndimamukhalira pafupi mpaka adye. Amandinena kuti aphunzitsi aja alibe mwambo. Anene.

Koma azakhali sindinawauze. Akalamba tsopano, maso achita khungu, njinga anaisiya. Ndikapita ku Kacholola ndimawapeza pakhonde, ndipo nkhani ikazungulira imafika pomwepo. Amandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Alamu anga ninawasunga, mwana wanga. Mpaka tsiku lothela. Anthu enze kufuna kuwamwetsa vonzuna, ine n'nakana."

Ndimayang'ana manja amenewo, amene anapalasa njinga zaka zonse zija kutibweretsera nkhwani.

"Munawasunga, azakhali," ndimatero.